Kupanga chipangizo chodziwira kuphulika kwa padzuwa ndi waya, sound card ndi kompyuta yakale

Padzuwa pakaphulika, chizindikiro choyamba chimafika kuno patatha mphindi 8 ndi masekondi 20, ndipo maso sachiona. Ndi ma X-ray. Safika pansi, amathera m'mwamba makilomita 60 mpaka 90 kuchokera pomwe tili, koma kumeneko amasintha kayendedwe ka mafunde a wailesi, ndipo kusinthako mungakujambule muli pakhomo panu, kaya kuli mitambo kaya kuli ngwee, osayang'ana dzuwa n'komwe. Hans Mögel ku Germany mu 1930 ndi John Howard Dellinger ku America mu 1935 ndi omwe anayamba kuona kuti wailesi za shortwave zimazima mwadzidzidzi masana chifukwa cha dzuwa. Chipangizo chomwe tifotokoze pano chimayeza zomwezo, koma pa mafunde otsika kwambiri a VLF, ndipo anthu a ntchitoyi amachitcha SID monitor (SID ndi sudden ionospheric disturbance, kusokonekera kwa mwadzidzidzi kwa m'mwambamo).

Kumanga n'kosavuta. Chomwe chimalepheretsa ambiri ndi phokoso la magetsi la pakhomo, komanso phuma lotcha kukwera kulikonse kwa girafu kuti ndi dzuwa.

Chomwe mukuyeza

Pamwamba pa madontho akuda a dzuwa pamakhala mizere ya mphamvu ya maginito yopotokola zedi. Mizereyi ikaduka n'kulumikizananso mwadzidzidzi, mphamvu yomwe inasungidwamo imatuluka pa mphindi zowerengeka, ndipo uku ndiye kuphulika komwe asayansi amati solar flare. Plasma ya pamalopo, mpweya womwe watentha mpaka maatomu ake kutaya ma elekitironi, imafika madigiri 10 mpaka 20 miliyoni, pomwe nkhope ya dzuwa yomwe timaiona ili pa madigiri pafupifupi 5,500. Plasma yotentha chonchi ndi yomwe imatulutsa ma X-ray.

Kuno kwathu kulinso plasma, yopyapyala ndi yozizira, m'chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere. Gawo lake lotsikitsitsa, la D, limapangidwa ndi dzuwa m'mawa uliwonse n'kuzimirira usiku. Mafunde a VLF ndi aatali kwambiri, pa 20 kHz funde limodzi ndi makilomita 15, moti amayenda pakati pa nthaka ndi gawoli ngati pakati pa pansi ndi denga. Masana dengali limakhala pa makilomita pafupifupi 70, usiku limakwera kufika cha pa 85 kapena kuposa. Ma X-ray a kuphulika amalowa mozama kuposa kuwala kwa tsiku ndi tsiku, amachulukitsa ma elekitironi m'munsi, denga limatsika ndi makilomita angapo, ndipo mphamvu ya siginolo yomwe ikufika pa eriyo yanu imasintha. Ma elekitironi omwewo amameza mafunde a shortwave a 3 mpaka 30 MHz, n'chifukwa chake wailesi ya shortwave imatha kuti zii pomwe VLF yakwera.

Njirayi si yamasewera. Pa 4 November 2003 kuphulika kunakula mpaka zoyezera za setilaiti ya GOES kudzaza, ndipo akatswiri anangoyerekeza kuti kunali X28 (X ndi gulu la kuphulika kwakukulu kwambiri, nambala ikusonyeza kukula kwake). Neil Thomson, Craig Rodger ndi Richard Dowden a ku University of Otago ku New Zealand anagwiritsa ntchito mafunde a VLF omwe anawajambula tsikulo n'kupeza kuti kunali pafupifupi X45. Atatuwa ankayeza phase, kutsogola kapena kuchedwa kwa mafunde pofika, zomwe zimafuna wotchi yolondola kwambiri. Chathuchi chimayeza mphamvu yokha, ndipo pongodziwa kuti kwaphulika, liti, komanso kwa nthawi yotalika bwanji, n'chokwanira.

Siteshoni zoti muzimvera

Simufunika kuulutsa kanthu. Asilikali apamadzi a mayiko angapo ali ndi siteshoni zamphamvu zolankhulira ndi sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo zimaulutsa usana ndi usiku. Uthenga wawo ndi wobisika ndipo ulibe nanu ntchito, mukungofuna kukula kwa siginolo. Zodziwika ndi NWC ya ku Exmouth ku Australia pa 19.8 kHz, DHO38 ya ku Rhauderfehn ku Germany pa 23.4 kHz, NAA ya ku Cutler ku Maine pa 24.0 kHz, ndi ICV ya pachilumba cha Tavolara ku Italy pa 20.27 kHz.

Posankha, lamulo ndi limodzi: njira yonse kuchokera ku siteshoni kufika kwa inu ikhale padzuwa. Kwa munthu ali ku Lilongwe, NWC ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8,500, kum'mawa kopendekera kum'mwera, madigiri 109 pa kampasi. Koma ku Exmouth nthawi ili patsogolo ndi maola 6, ndiye dzuwa limalowa kumeneko kuno ili 12 kapena 1 koloko masana, ndipo kuyambira pamenepo girafu ya NWC imasokonekera. Ndi siteshoni ya m'mawa. DHO38 ili pa makilomita pafupifupi 7,900, kumpoto kopendekera kumadzulo, madigiri 344. Njira yake ndi ya kumpoto ndi kum'mwera, mbali zonse kumacha ndi kuda pafupifupi limodzi, ndiye imagwira tsiku lonse, kupatula mu December ndi January pomwe ku Germany kumachedwa kucha ndipo siyamba kukhazikika mpaka cha m'ma 10 koloko. Jambulani zonse ziwiri.

Eriyo

Pezani matabwa awiri a mita 1.45, muwakhome mopingasa, kuti nsonga zake zinayi zipange bwalo la ngodya zinayi, mbali iliyonse mita imodzi. Mapaipi a PVC amagwiranso, koma amapindika waya akakungika. Pansonga iliyonse sema mpata kapena khomanipo kathabwa koti waya azikhalamo. Chitsulo chizikhala cha masikuluwu okha.

Waya ndi wa kopa wokutidwa ndi vanishi, wa mamilimita 0.5, womwe amagwiritsa ntchito okonza mamota ndi mathiransifoma. Mufunika mamita 200, omwe akukwana kuzungulira ka 50. Zunguzani mbali imodzi yokhayokha, mokoka bwino koma osati mpaka waya kutanuka, ndipo muzilemba papepala maulendo 10 aliwonse chifukwa chiwerengero chimasokonekera msanga. Mukamaliza mangani ndi tepi pa masentimita 20 aliwonse. Waya wolendewera amagwedezeka ndi mphepo, ndipo kugwedezekako kumaoneka pa girafu.

Palani vanishi kunsonga zonse ziwiri mpaka kopa awale, kenako yezani ndi multimeter. Muyenera kupeza ma ohm 17 kapena 18. Ikapanda kuwerenga kanthu, waya waduka penapake kapena vanishi sanachoke bwino, ndipo nthawi zambiri ndi vanishi. Ikawerenga ma ohm ochepa kwambiri, vanishi wasupuka pangodya ndipo mawaya akugundana.

Eriyo iime chilili, osati chogona. Imamva kwambiri kumbali komwe m'mphepete mwake mwaloza, ndipo siimva chilichonse chochokera komwe yayang'ana ndi nkhope. Ambiri amaiyang'anitsa ku siteshoni ngati dishi ya TV n'kumadabwa kuti palibe chikubwera. Kuti mugwire NWC ndi DHO38 ndi eriyo imodzi, lozetsani m'mphepete mwake pa madigiri 135 ndi 315, kum'mwera chakum'mawa ndi kumpoto chakumadzulo. Siteshoni iliyonse ikhala yapatuka ndi madigiri osakwana 30, ndipo mutaya pang'ono chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a siginolo.

Mabuku ena amati muike kapasita kuti eriyo itchunidwe pa siteshoni imodzi. Eriyo ya kukula uku ili ndi inductance ya pafupifupi 10 mH, ndiye kapasita ya 6 nF ingaiike pa 20 kHz. Siginolo imakuladi, koma musatero poyamba. Mutaya siteshoni yachiwiri, komanso kapasita ndi waya zimasintha pang'ono kukatentha, kutchunako kumasuntha, ndipo girafu imayamba kutsatira kutentha kwa pabwalo m'malo mwa mlengalenga. Chingwe nachonso chimatchuna eriyo mosadziwika: coax ya RG-58 ili ndi 100 pF pa mita iliyonse, moti mamita 30 amakokera eriyo pa 29 kHz, pafupi kwambiri ndi pomwe mukumvera. Ampulifaya ikhale pa eriyo pomwepo, chingwe chachitali chibwere pambuyo pake.

Ampulifaya

Siginolo ya pa eriyo ndi yochepetsetsa, imafunika kukulitsidwa pafupifupi ka 1,000. Tengani TL072, yomwe ili ndi ma op-amp awiri mkati, tizipangizo tokulitsa siginolo. Pano pali msampha. TL072 ili ndi gain-bandwidth ya 3 MHz, kutanthauza kuti mukaikakamiza kukulitsa ka 1,000 pa gawo limodzi, imalekezera pa 3 kHz ndipo pa 20 kHz imangokulitsa pafupifupi ka 150. Gawani ntchito pawiri. Gawo lililonse likhale non-inverting, rezisita ya 33 kΩ kuchokera kotulukira kubwerera ku mwendo wa minus, ndi ya 1 kΩ kuchokera pa mwendo umenewo kupita ku ground. Lililonse likulitsa ka 34, awiriwo pamodzi ka 1,156, ndipo lililonse lifikabe kupitirira 80 kHz. LM741 ndi LM358 zimapezeka mosavuta koma n'zochedwa ndi zaphokoso. NE5532 ndi yabwino ngati ilipo.

Ikani kapasita ya 100 nF motsatana ndi rezisita iliyonse ya 1 kΩ. Imeneyi imadula zonse zapansi pa 1.6 kHz, ndipo popanda iyo kung'ung'uza kwa 50 Hz kwa mawaya a magetsi kumadzaza ampulifaya siteshoni isanamveke. Ina ya 47 pF pambali pa 33 kΩ iliyonse imadula zapamwamba pa 100 kHz kuti wailesi za medium wave zisalowerere. Pamiyendo iwiri ya eriyo ikani ma diode awiri a 1N4148 moyang'ana kosiyana, otchinjiriza ku mphamvu ya ziphaliwali zakutali. Kotulukira ikani kapasita ya 1 µF musanapite ku kompyuta.

Mphamvu ichokere ku batire la mavoti 12. Ma rezisita awiri a 10 kΩ motsatana pakati pa plus ndi minus akupatsani mavoti 6 pakati pake, ikanipo kapasita ya 100 µF, ndipo pamenepo ndiye ground yanu. TL072 imadya pafupifupi 3 mA, batire la 7 Ah likhala nayo milungu yambiri. Mabatire ang'onoang'ono a mavoti 9 amatha pa sabata imodzi ndipo akamafooka girafu imatsetsereka pang'onopang'ono. Adaputala ya pakhoma ndiye musayerekeze, mukhala mukulowetsa phokoso ndi manja anu.

Kompyuta

Sound card ikhale yotha 96 kHz. Lamulo ndi lakuti imamva kulekezera pa theka la liwiro lake, ndiye ya 48 kHz imathera pa 24 kHz, ndipo DHO38 pa 23.4 imakhala pamphepete pomwe fyuluta ya mkati yayamba kale kudula. Lowetsani pa line-in. Zimitsani zonse zomwe kompyuta imati n'zokometsa mawu, makamaka automatic gain control ndi noise suppression. Automatic gain control ntchito yake n'kufafaniza kusintha kwa mphamvu, chinthu chomwe inu mukufuna kuyeza.

Mapulogalamu aulere alipo awiri odziwika: Spectrum Lab ya Wolfgang Büscher, ndi SuperSID yomwe inachokera ku Stanford Solar Center mogwirizana ndi Society of Amateur Radio Astronomers. Ikani FFT, njira yomwe pulogalamu imagawira mafunde m'mabokosi, pa 4,096, izikupatsani mabokosi a 23 Hz. Siteshoni iliyonse imaoneka ngati kachulu kotambalala 200 Hz kapena kuposa pang'ono, ndiye uzani pulogalamu izilemba mphamvu ya pakati pa 19.7 ndi 19.9 kHz, ndi ya pakati pa 23.3 ndi 23.5 kHz, pa masekondi 5 aliwonse. Imeneyi ndi mizere 17,280 patsiku, fayilo yaing'ono. Onjezani tchanelo chachitatu pamalo pomwe mukuona kuti palibe siteshoni iliyonse. Chimaoneka chopanda ntchito, koma ndi chomwe chidzakuuzeni zoona pambuyo pake.

Wotchi ya kompyuta ikhale pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayendera, ndipo izidzikonza pa intaneti tsiku lililonse. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa zili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Fayilo yosakaniza nthawi ziwirizi ilibe ntchito.

Kuti mutsimikize kuti kachulu komwe mukuona ndi siteshoni, tembenuzani eriyo pang'onopang'ono. Siteshoni yakutali imazimiririka m'mphepete mukapatuka madigiri 90 kuchoka komwe ili, n'kubwereranso. Mzere woonda kwambiri kapena woyendayenda ndi chipangizo cha m'nyumba. TV yakale ya chubu imaika mzere wake pa 15.625 kHz.

Phokoso

Apa m'pomwe muthere nthawi yambiri. Matchaja a foni, mababu a LED, tchaja ya laputopu yomwe mukujambulirayo, ma inverter ndi ma charge controller a sola, zonsezi zimadula magetsi kambirimbiri pa sekondi ndipo zimalavula phokoso pa mafunde omwewa. Eriyo ikhale mamita 5 kapena 10 kuchokera pa mawaya a nyumba, komanso patali ndi malata ndi zitsulo za pawindo. Kachisakasa ka udzu kapena ka matabwa kuseri kwa nyumba kamaposa chipinda chilichonse chamkati. Ikhomereni kuti isatembenuke ndi mphepo kapena ana.

Charge controller ya sola ndi yoopsa kuposa zonse chifukwa imanamiza mwaluso. Phokoso lake limayamba dzuwa likatuluka, limakwera masana, limatsika mtambo ukadutsa, ndipo munthu amasangalala kuti akuona ionosphere pomwe akuona sola ya padenga la mnansi wake. Tchanelo chopanda siteshoni chija chikakwera ndi kutsika limodzi ndi zinazo, gwero lake ndi lapafupi. Magetsi akazima dera lonse, thamangirani pa kompyuta: nthawi imeneyo ndi yomwe mumaona mmene malo anu alili popanda phokoso, ndipo akabwera mumadziwa kuti lawonjezeka ndi zingati. Muthanso kuzimitsa switchi imodzi imodzi m'nyumba mpaka wolakwa apezeke.

Ziphaliwali zimaoneka ngati mizere yoima yodutsa mafunde onse nthawi imodzi, ngakhale zili kutali makilomita mazana ambiri. Kuyambira November mpaka April madzulo ambiri girafu imakhala yaminga. Mvula ya mabingu ikayandikira zulani chingwe ku kompyuta. Ma diode aja satchinjiriza mphezi yogwa pafupi.

Sabata yoyamba musafune kuphulika kulikonse

Mukayatsa, musakhudzenso kanthu kwa masiku 7, ngakhale volume ya line-in. Chomwe mukufuna ndi chithunzi cha tsiku wamba, ndipo chizibwerezeka. Usiku siginolo imakhala yokwera koma yosakhazikika, ikukwera ndi kutsika mopanda dongosolo. M'bandakucha imagwa kwambiri, nthawi zina kawiri kapena katatu motsatizana, pomwe malire a usana ndi usiku akudutsa panjira yake. Kenako imakhazikika n'kuyenda mosalala tsiku lonse, mokhota pang'ono, mpaka madzulo pomwe imagwanso. Ngati girafu yanu siionetsa kucha ndi kuda, simukumva siteshoni, ndipo kuphulika simudzakuona ngakhale kutakula chotani. Bwererani ku eriyo ndi phokoso.

Chithunzi chimenechi chikabwera masiku angapo motsatizana, kuphulika kumadzionetsa kokha pagawo losalala la masana. Girafu imakwera msanga, pa mphindi zochepa, kenako imatsika pang'onopang'ono kwa theka la ola, ola, kapena kuposa. Kutsika kumachedwa chifukwa plasma ya padzuwa imatenga nthawi kuti izizire, komanso ma elekitironi a m'gawo la D amafunika nthawi kuti agwirane ndi ma ion, maatomu omwe anataya ma elekitironi. Pa chifukwa chomwechi nsonga ya girafu yanu imatsalira m'mbuyo mwa nsonga ya ma X-ray ndi mphindi zochepa, ndipo kumeneko si kulakwa kwa wotchi.

Panjira zina girafu imatsika m'malo mokwera, kapena imayamba yatsika kenako n'kukwera. Mafunde amafika pa eriyo m'njira zingapo nthawi imodzi, ndipo denga likatsika amatha kuthandizana kapena kufafanizana kutengera mtunda. Chofunika ndi maonekedwe, kuyamba msanga ndi kubwerera mochedwa.

Zomwe sizili dzuwa zili ndi zizindikiro zake. Kugwa kwa mwadzidzidzi mpaka pansi n'kubwerera mwadzidzidzinso ndi siteshoni yomwe yazimitsidwa kuti ikonzedwe, ndipo DHO38 kawirikawiri imapuma pakati pa 07:00 ndi 08:00 UTC. Kukwera kwa mbali zoongoka zonse ziwiri ndi chipangizo chomwe wina wayatsa n'kuzimitsa. Chilichonse cha usiku si kuphulika, popeza ma X-ray sazungulira dziko.

Kutsimikiza ndi kulemba

Yerekezani ndi girafu ya ma X-ray ya masetilaiti a GOES, yomwe Space Weather Prediction Center ya NOAA ku Boulder imaika poyera. Amayeza pa 0.1 mpaka 0.8 nm ndipo amagawa kuphulika m'magulu A, B, C, M ndi X, lililonse kuposa linzake ka 10. Gulu C limayambira pa gawo limodzi mwa miliyoni la watt pa sikweya mita, M ka 10 kuposa apo, X ka 100. Chipangizo chomangidwa bwino pamalo abata chimaona M ndi X mosavuta, ndi C zokulirapo dzuwa likakhala pamutu. A ndi B musaziyembekezere.

Mudzaphonya zambiri, ndipo zina zikuluzikulu. Kuphulika kwa X9.0 kwa pa 3 October 2024 kunafika pachimake 12:18 UTC, kuno ili 14:18, nthawi yabwino panjira ya DHO38 koma ku Exmouth kutada kale. Kwa X8.7 kwa pa 14 May 2024 kunali 16:51 UTC, ku Malawi dzuwa litalowa. Chiwerengero chimatsatanso nyengo ya dzuwa ya zaka pafupifupi 11. Nyengo ya 25 inayamba mu December 2019, ndipo NASA ndi NOAA analengeza mu October 2024 kuti yafika pachimake. Ikamatsika kumapita miyezi popanda kuphulika kwa gulu M, koma kucha ndi kuda kuzionekabe tsiku lililonse ngati chipangizo chili bwino. Mtambo wa plasma womwe dzuwa limatha kuponya limodzi ndi kuphulika, wotchedwa CME, ndi nkhani ina: umafika patatha tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo womwe umauonetsa bwino ndi magnetometer, chipangizo choyezera mphamvu ya maginito, monga za ku Hermanus komwe bungwe la SANSA la South Africa lili ndi likulu lake loona za nyengo ya mlengalenga.

Pa chochitika chilichonse lembani tsiku, siteshoni ndi mafunde ake, nthawi yoyambira, ya pachimake ndi yothera, zonse mu UTC. Werengani nthawizi pa girafu yanu musanatsegule ya GOES, chifukwa mukayamba ndi ya GOES maso amapeza chomwe akufuna. AAVSO ya ku America, ya anthu oyang'ana nyenyezi, yomwe imalandira malipoti otere mwezi ndi mwezi kuchokera kwa anthu wamba, imagawa zochitika potengera kutalika kwake, kuyambira 1- pa zosakwana mphindi 19 mpaka 3+ pa zopitirira mphindi 125. Nthawi yothera ndi yomwe imavuta kuitchula, popeza girafu imabwerera pamzere wake mwapang'onopang'ono. Ikani girafu ya tsiku labata la sabata yomweyo pamwamba pa ya tsiku la kuphulika, ndipo pomwe ziwirizo zakumananso lembani kuti pathera pamenepo.